Manda a Malume Sakumbidwa ndi Aganyu

Sendezani malichero kuno, ana inu. Manja aziswa mtedza, makutu akhale kwa ine. Iwe Yohane, mtedzawo uziponya m'dengu, osati m'kamwa. Ukuyesa sindikuona? Maso anga anafooka pa ulusi ndi singano basi, pa wakuba ayi.

Ndamva kuti wamenyana kusukulu chifukwa anzako akuti ndiwe mZambiya. Wabwera malaya ong'ambika, mlomo wotupa ngati walumidwa ndi mavu. Tsono unalira chiyani? Akadakunena kuti wakuba, akadakunena kuti mfiti, bwenzi ine pano nditamanga nsalu m'chiuno ulendo kwa aphunzitsi. Koma mZambiya? Bambo ako a Daka anabadwira kutsidyaku, inde, kuseri kwa chipilala chija mumakhalapo podyetsa mbuzi. Imeneyo ndi yoona. Chimene anzakowo sakudziwa n'chakuti bambo akowo anathamangitsidwapo kale m'mudzi muno, ndipo amene anawabweza ndi ine Nambewe, mayi wosatha kulemba ngakhale dzina lake. Tadala uyu anali kumsana kwa mayi ake nthawi imeneyo. Iwe unali usanaganiziridwe n'komwe, ndipo ndikadangopinda manja tsiku limenelo, lero bwenzi kulibe woti amenyane kusukuluko.

Ine ndili mtsikana, mawu oti malire tinkangowamvera m'kamwa mwa amuna. Mudzi wathu uno kwa Mavwere ndi mudzi wa Msekeni kutsidyaku zinali ngati nyumba ndi nkhokwe yake. Agogo anga ankandilozera pamtunda paja n'kumati, "Mvula ikagwa apa, madzi ena amatsikira kuno, ena amatsikira uko. Akuti malire ndi amenewo." Ine n'kuyang'ana, osaonapo kanthu, udzu womwewo, mitengo ya masuku yomweyo. Tinkapita ku dambo la kutsidya kukakumba chinaka, iwo amati chikanda, timbatata ta pansi tija inu mumatigula totchezeratu pamsika osadziwa kumene timachokera. Chigayo kunalibe. Mtondo ndi mphero, basi, ndipo mphero yabwino inali ya mayi wina wa kwa Msekeni, moti mawere athu ankaperedwa ku Zambiya n'kudzaphikidwa thobwa ku Malawi. Mchere ukasowa tinkacheza chidulo cha zitsononkho. Mukuseka? Inu amene ndiwo zikangochepa tomato mumakwinya nkhope ngati anyani?

Ulendo waukulu unali wa ku mishoni ya Guilleme pa masiku a chikondwerero. Tinkanyamuka atambala akulira, ife ndi a kwa Msekeni pamodzi, chigumu ndi mbatata zootcha pamutu. Amene anali ndi nsapato ankazinyamulanso pamutu, n'kudzazivala tchalitchi chitaonekera. Pa mzere wa ubatizo palibe ankafunsa kuti madzi a kwanu amatsikira mbali iti.

Koma chingwe chenicheni chimene chinatimanga ndi a kwa Msekeni si chinaka kapena mphero. Ndi manda. Mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mchewa sakumba manda a m'bale wake. Magazi ako suwakwirira wekha. Pamakhala anthu a mudzi wina, adzukulu a kumanda, amene amasambitsa thupi, kukumba, kunyamula, kukwirira, ndipo pa tsiku lometa ndi iwo amagwira lumo. Chiyambire makolo, adzukulu athu ndi a kwa Msekeni, ndipo ife ndife awo. Ndiye mdzukulu pamaliro ndi mfumu. Akhoza kugwira nkhuku yako uli pomwepo n'kuipotokola khosi. Akhoza kukutukwana, kukuseka, kuyerekeza mayendedwe a malemu mpaka namfedwa aseke misozi ili m'masaya. Sungamutengere kubwalo. Ntchito yake ndi yonunkha, ndiye pakamwa pake anapamasula makolo.

Ngakhale nthawi ya chipani chimodzi, anyamata a chipani ataima pakhomo la msika kufunsa makhadi, munthu wa kutsidya ankabisala kuthengo ndi dengu lake. Koma akanyamula khasu paphewa n'kunena kuti, "Ndife adzukulu, tikupita kumaliro," anyamata omwewo ankapatuka. Ankadziwa kuti nawonso ali ndi amawo okalamba.

Kenaka kunabwera matipate. Tinavotera nyali, makhadi anatha, pakamwa panatseguka, aliyense n'kukhala wandale, ngakhale amene sankatha kulamula galu wake. Apa ndi pamene analowera msuweni wanga Lufeyo, mwana wa malume anga a Sitefano. Mumawadziwa agogo anu a Lufeyo, aja amakhala pa sitolo ndi chipewa ngakhale kunja kukutentha. Za chipewacho tifikako. Lufeyo anali ndi lilime, ndisaname. Ankatha kugulitsa nkhuku yakufa n'kuiti ikupumula. Anakhala tcheyamani wa chipani m'dera lino, ndipo chipani chikagwa iye sankagwa nacho, ankangosintha malaya. Mkazi wake ankadandaula kuti m'nyumba mwadzaza nsalu za nkhope za anthu, zina zoti sungavalenso pagulu.

Ine ndi Lufeyo, pachisuweni, tinkaitanana kuti mkazi wanga, mwamuna wanga. Zoseka zokhazokha. Nthawi yolembetsa mavoti ikafika, ndinkamuona ali pa lole, ulendo kwa Msekeni kukatenga anthu.

"Mwamuna wanga, amenewo si a dziko lina?"

"Mkazi wanga, usandichititse manyazi. Ndife amodzi ife. Malire anaika ndi azungu, ankafunsa ndani?"

Mawu amenewo ndinawasunga. Ine sindilemba, koma ndikasunga chinthu sichifumbwa.

Zaka zimenezo ndi zimene bambo anu a Daka anafunsira mayi anu Esinati. Anabwera pachikamwini monga mwa mwambo, anamanga nyumba ija ili kuseri, anaika nkhokwe, anakumba chitsime cha kudimba chimene mudzi wonse unkamwa chilimwe. Ine ndi iwo tinkathawana, paja apongozi ndi mkamwini sayang'anana. Tikakumana panjira, iwo kulowa m'chimanga, ine kutembenukira kumbali. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinkalankhula ndi khoma iwo ali kuseri kwake. Masiku ano mkamwini amalowa mpaka kukhitchini n'kumavundukula mapoto a apongozi, ati chitukuko. Ine nkhope ya a Daka ndinkaidziwa theka, koma ntchito yawo ndinkaidziwa yonse. Chaka cha njala ija, anthu akudya mizu ya nthochi, a Daka ankapalasa njinga kukapempha gaga ndi chinangwa chouma kwa abale awo. Sankabweretsa kwa ine ndekha. Nyumba zambiri muno zinafuka utsi ndi gaga wa pa njinga imeneyo, ndi ya Lufeyo yomwe.

Chipilala chija chinabwera cham'katimo. Anafika anthu a maboma onse awiri ndi makina oyang'anira kutali, anayeza, anathira simenti, anamwa thobwa lathu n'kumapita. Sanatilakwire kanthu. Tinangodabwa kuti malire aja tsopano ali ndi thupi, ukhoza kuwagunda ndi chala chakuphazi. Mbuzi zinayamba kudzikanda pamenepo tsiku lomwelo.

Mavuto anabwera ndi makuponi a feteleza. Boma linaganiza bwino, osauka tigule motchipa. Koma makuponi ofika m'mudzi anali ochepa, manja otambasuka ambiri. Munthu akamanidwa amafuna wina woti amuloze chala, ndipo chala sichipita kutali, chimagwera amene ali pafupi. Pa wailesi tinkamva lero akuti mayiko oyandikana ndi abale, malonda aziyenda. Mawa akuti alendo achuluka, feteleza akutulukira m'njira zachidule. Kunena zoona, matumba ena ankawolokadi pa njinga, ndipo owolotsawo ena anali ana a muno omwe. Koma pa chitsime, pa chigayo, pa bawo, nkhani inali imodzi: a kutsidya akutidyera. Mayi amene mwana wake anapulumuka ndi gaga wa a Daka ndinamumva ndi makutu angawa akuti, "Anthu obwerawa atimaliza." Mimba ikakhuta imaiwala msanga, ana inu.

Aboma anangonena kuti makuponi ndi a nzika. Mawu amenewo Lufeyo anawatenga n'kuwaika nyanga ndi mchira. Chisankho chinali chikuyandikira, anthu anali okwiya, ndipo iye anaona kuti mkwiyowo ukapanda kupita kwina ugwera pa iye wogawa makuponiwo. Anaitanitsa msonkhano pa mjigo.

"Boma lanena! Aliyense wobadwira kuseri kwa chipilala abwerere kwawo. Akafuna kukhala kuno akatenge mapepala kuboma. Tatopa kudyetsa ana a eni!"

Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ine ndinaimirira.

"Mwamuna wanga, si iwe unkawatenga pa lole anthu amenewa? Pa voti ndi abale, pa kuponi ndi alendo?"

Sanaseke. Tsiku limenelo chisuweni anachisiya kunyumba.

"Mayi, khalani pansi. Izi ndi nkhani za boma, si za pamtondo."

Anandiitana kuti mayi, ine mkazi wake wa chibadwire. Anthu anandikuwiza, ndinakhala pansi. Malume a Sitefano, amene akadamudzudzula, anali gone pamphasa, matenda atawafoola.

M'mawa mwake anyamata anaperekeza bambo anu ndi akamwini ena mpaka pa chipilala. Sanawamenye, ndisawanamizire. Ena mwa anyamatawo ankayang'ana pansi. A Daka asananyamuke anabwera kuseri kwa khoma langa monga mwa nthawi zonse.

"Amayi, ndapita. Mizere ya kumunda ndasiyira pakati. Khasu langa ndalisiya pa nkhokwe, Esinati asalibwereketse, lili ndi mpini wabwino."

Ine kulankhula ndi khoma: "Pitani bwino, bambo a Tadala. Khasulo mudzalipeza."

Atangodutsa, anyamata anadula kankhande, minga ija yokowa ngati mbedza, n'kuunjika panjira kuyambira pa chipilala mpaka m'thengo mbali zonse. Njira imene agogo anga anayendamo, yatsekedwa ngati khola la nkhumba. Mapepala ankanenawo a Daka akadawatenga kuti? Munthu wa khasu, boma lili kutali, ndipo pobwera nawo akadapeza mvula itagwa kale. Mayi anu anayamba kuwonda. Mizere inali yosatha, mwana kumsana, ndipo mphekesera zinayamba kuuluka pamwamba pa mingayo kuti abale a a Daka akuti mwana wathu asavutike, akazi aliko konkuno. Ukwati wa chikamwini mwamuna akachoka pakhomo umazirala ngati phala. Ndinkaona banja la mwana wanga likutha ndikuyang'ana.

Ndiye mvula isanagwe, dzuwa lija loswa mitengo lili pachimake, malume a Sitefano anatisiya. Anatsirizika mbandakucha. Ndinawalira malume anga, anali munthu wondikonda, ndi amene anandigulira nsalu yanga yoyamba. Koma ndikuuzeni mosabisa, ndinalira ndi diso limodzi. Linalo linali panjira ya minga ija.

Kutacha ndinamva phokoso la makasu. Kusuzumira, ndinaona Lufeyo akutsogolera anyamata achilendo a pa sitolo, aja amasenza matumba pa ganyu, ulendo kumanda. Anali atayamba wapita ku esiteti kukapempha matenanti, koma mkulu wawo, bambo wa ku Mulanje, anamuyankha kuti, "Pepani bwana, dzana munati nafenso ndife obwera. Manja a obwera angadetse manda anu." Ndiye anagwira aganyu.

Ndinadzambatuka m'nyumba ya siwa, mpango uli pakhosi, ndinadutsa chidule m'munda n'kukafika pakhomo la manda iwo asanafike. Ndinakhala pansi pakati pa njira, miyendo tambasu.

"Mayi, mukutani apa? Tapatukani, dzuwa likukwera."

"Amenewa ndani?"

"Okumba."

"Akumba chiyani? Chimbudzi?"

Anyamata aja anayang'anana.

"Lufeyo, chimbudzi ndiye chimakumbidwa ndi aganyu. Chitsime, aganyu. Malume anga sakumbiridwa ndi munthu woti akamaliza atambasule dzanja. Adzukulu athu ali kwa Msekeni."

"Ndi bambo anga amenewa! Ndiika mmene ndafunira!"

"Bambo ako, inde. Koma maliro si ako. Maliro ndi a mbumba, ndipo mbumba ya a Sitefano wamkulu wake ndine. Iwe ndiwe mwana chabe pano. Amako anabwera pachitengwa kuchokera kwa Dambe, kwanu kwenikweni n'komweko. Tikati tiyambe kuwerenga obwera, mwamuna wanga, iwe minga tikakuikira mbali iti?"

Mmodzi mwa aganyu aja anaseka mpaka khasu linagwa. Pamenepo n'kuti amayi a mbumba atanditsatira, azing'ono anga ndi ana awo, onse n'kukhala pansi kumbuyo kwanga. Ena mwa iwo ndi omwe anaomba m'manja pa mjigo paja. Koma nkhani ya kuponi ndi ina, nkhani yoti malume akwiriridwe ngati galu wa pamsewu ndi ina. Mayi wina wokalamba anangoti, "Mzimu wawo ukabwera kudzafunsa, udzagogoda kwa yani?" Aganyu atamva za mzimu anatsamiritsa makasu pamtengo. Mmodzi anati, "Bwana, ife za mizimu sitinapangane," basi ulendo.

Lufeyo anatuluka thukuta. Phungu wa dera lino anali atatumiza kale bokosi, ndipo anali atalonjeza kudzafika yekha pa mwambo. Kunja kukutentha chonchija, thupi silidikira ndale. Anandikokera pambali, mawu atatsika.

"Mkazi wanga, undiphetsa. Tuma mnyamata akawauze."

"Lero ndakhalanso mkazi wako? Mnyamata adutsa pati? Ndipo uthenga wa maliro a munthu wamkulu supita ndi mwana. Gwira nkhuku. Tipita tonse."

Tinanyamuka, iye nkhuku kukhwapa, nsapato zake za pamsonkhano zili kuphazi, ine pambuyo. Titafika pa chipilala anaima, akuyang'ana mulu wa kankhande. Anati tizungulire m'thengo. Ndinati adzukulu sazungulira m'thengo ngati akuba, amadzera njira. Ndinamulandira nkhuku ija n'kukhala pa chipilala. Anayamba kukoka nthambi imodziimodzi. Kankhande sagwiridwa ulemu, ana inu. Anamukola malaya, anamung'amba manja, thalauzi linatseguka pabondo. Ine ndili pa simenti paja, phazi lina ku Malawi lina ku Zambiya, nkhuku pamiyendo.

"Sundithandiza?"

"Izi ndi nkhani za boma, mwamuna wanga. Ine ndi wa pamtondo."

Kwa Msekeni tinapeza mkulu wa adzukulu, a Gabiriyele, akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Kamunthu kakafupi, mano awiri okha kutsogolo, koma pakamwa ngati lumo. Kulira anali atakumva kale, paja mphepo ilibe chipilala. Anationa, osaimirira.

"Kodi alendowa achokera dziko liti? Mapepala muli nawo?"

Lufeyo anagwada, nkhuku patsogolo. "Tagwa nayo, agogo. Bambo atisiya."

"Bambo ake a ndani? Ife tinamva kuti kumeneko kulibe abale athu. Tinamva kuti kuli boma lokhalokha. Boma lilibe makasu?"

Amayi a kumeneko anali atazungulira, ena akuseka, ena akupukuta misozi, pakuti a Sitefano ankawadziwa. Lufeyo anangoti zyoli. Ine ndinaona kuti zafika pokwanira, ndinagwada pambali pake.

"A Gabiriyele, mwanayu walakwa, manja akewo mukuwaona. Minga wachotsa yekha. Koma amene wagona uko ndi a Sitefano, amene anakumba manda a mayi anu."

Anasiya kusema. Anayang'ana manja a Lufeyo nthawi yaitali. Kenaka analandira nkhuku ija n'kuitana mokweza, "Daka! Tenga anzako. Khasu loyamba ndi lako, iwe ndi amene ukudziwa nthaka ya kumeneko."

Bambo anu anatuluka kuseri kwa nkhokwe. Atandiona anafuna kuthawira m'mbali monga mwa mwambo. Tsiku limenelo ndinawayang'ana nkhope yonse koyamba, ndinaona kuti awonda. Ndinatembenukira ku mtengo wa mango n'kuuuza kuti, "Khasu lija lili pa nkhokwe pomwe munalisiya."

Anabwera mudzi wonse, ana inu. Mzere kuchokera pa chipilala mpaka kumanda, amuna makasu paphewa, amayi nkhuni ndi ufa pamutu, akuimba nyimbo za maliro. Amene anaomba m'manja pa mjigo paja anawalandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Manda anakumbidwa, thupi linasambitsidwa, zonse mwa dongosolo lake.

Phungu anafika ndi galimoto, anamupatsa mpando kutsogolo. Itafika nthawi ya mawu, Lufeyo asanatsegule pakamwa, a Gabiriyele analowa pabwalo atavala jekete ya malemu, akukoka mbuzi ya Lufeyo, yaikulu ija ankaisungira chisankho.

"Olemekezeka, pepani, ife ndife alendo, tabwera opanda mapepala. Mbuzi iyi tayigwira, ikalowa m'mimba za ku Zambiya, mukalembe kuti yatuluka mozemba. Koma tili ndi funso. Dzenje takumbali ndi la nzika zokhazokha, kapena wina aliyense akhoza kulowamo? Chifukwa ngati lifuna kuponi, a tcheyamani atiuze, timutulutse mkuluyu akayambe waima pamzere."

Anthu anaseka pamaliro, kuseka kwenikweni, amayi mpaka kugwirana mapewa. Phungu anayamba waumitsa nkhope, kenaka nayenso anagonja, anabisa kumaso ndi kampango. Mdzukulu sungamukwiyire. Poimirira kuti alankhule, phunguyo anati anthu a m'malire ndi amodzi, boma silinatume munthu kutseka njira kapena kupasula mabanja. Kaya ankanena za mumtima, kaya anangowerenga mitu ya anthu inali pamenepo, ine sindikudziwa. Andale amaona kumene mphepo ikupita. Ine ndinangoti zikomo, mawu anenedwa pagulu, ndipo ndawasunga.

Koma mawu a phungu amapita ndi fumbi la galimoto yake. Chimene chinamaliza nkhani ndi tsiku lometa. Inu simukudziwa, masiku ano mumangodula katsitsi kamodzi pachipumi kuopa kuononga mafasho anu. Kale ofedwa tonse tinkametedwa mpala, ndipo ometa ndi adzukulu. Tinakhala pamphasa m'mawa, mbumba yonse ndi ana a malemu. A Gabiriyele anagawa malezala. Atafika pa Lufeyo anaima, anayang'ana uku ndi uku ngati akusankha, n'kuti, "Mutu uwu ndi waukulu, uli ndi boma m'kati. Daka, bwera."

Lufeyo anawerama. Bambo anu ananyowetsa tsitsi lake ndi madzi, anagwira mutuwo ndi dzanja lamanzere, lezala kudzanja lamanja. Munthu amene unamuthamangitsa, lero wagwira mutu wako, chitsulo chakuthwa chili pafupi ndi khutu. A Daka anameta pang'onopang'ono, mosamala ngati akumeta khanda. Sanamucheke ngakhale pamodzi. Atamaliza anamupukuta ndi chikhatho, n'kunena motsitsa, koma tonse tinamva:

"Bambo, ndamaliza. Ndibwerere kutsidya, kapena ndikamalize mizere ija?"

Lufeyo mutu uli pansi, ukuwala ngati chipanda chatsopano, anati, "Mvula ili pafupi, a Daka. Kamalizeni mizere."

Tsiku lomwelo bambo anu anatenga khasu lawo pa nkhokwe. Akamwini ena aja nawonso anabwerera m'nyumba zawo. Kuponi a Daka sanalandire chaka chimenecho, ngakhale zaka zotsatira, ndipo sanaipemphe. Anati lamulo likati ndi ya nzika, ikhale ya nzika, Esinati akalandira ndi yomweyo. Anathira manyowa a m'khola, chimanga chinabereka. Chaka chinzake unabadwa iwe Yohane, ndi mutu wako waukuluwo.

Tsitsi la Lufeyo silinamerenso bwino pakati, ndiye chipewa chija. Iye amati ndi ukalamba. Ine ndikakumana naye pa sitolo ndimamufunsa kuti, "Mwamuna wanga, lezala la ku Zambiya linali lakuthwa eti?" Amanditukwana, n'kundigulira sopo.

Maboma asintha kangapo chichokere nthawi imeneyo. Lina limati tsegulani, lina limati tsekani, ndipo chaka chilichonse cha njala kapena cha voti mawu aja oti obwera amadzukanso ngati nsikidzi. Mudzawamva mpaka mudzakalamba. Za mapepala ndi zidindo ine sinditsutsa, dziko lili ndi eni ake oliyendetsa. Koma njira ya pa chipilala ija ndimailambula ndekha chaka ndi chaka mvula ikatha, ndi msana wangawu, ndipo palibe anaikaponso minga.

Tsono iwe Yohane, mawa ukapita kusukulu usakamenye munthu, malaya ndi odula. Amene akakunene kuti mZambiya, ukamuyang'ane bwinobwino, ukamufunse kuti agogo ake akadzamwalira adzakumbe ndani. Akakayankha kuti aganyu, ukamumvere chisoni.

Ndipo ine tsiku langa likadzafika, musadzataye nthawi ndi mafoni anuwo. Mudzagwire nkhuku, yonenepa, osati kankhuku kodwala chitopa kondichititsa manyazi, mudzayende wapansi kudzera pa chipilala. A Gabiriyele anapita, tinakawakumbira ndi amuna a muno, Lufeyo ali kutsogolo ndi fosholo. Koma ana awo alipo, ndipo pakamwa anatengera. Adzakutukwanani, adzagwira mbuzi yanga, adzayerekeza mmene ndimatsimphinira. Mudzaseke.

Taonani dengu lija, theka silinakwane. Tadala, tamugwira m'thumba mlongo wakoyo, mtedza wanga wathera mmenemo.